Mlomo wa Tayala

Aliyense amene adaimapo pamsika namayang'ana mmisiri wa nkhwayira alikucheka tayala lakutha, adzakumbukira kuti mpeni wa munthu ameneyo, umene amaunola kawirikawiri pamwala nauviika m'madzi kuti uziterera, umayenda bwino m'nthiti mwa tayala monga khasu m'dothi la kudimba, koma ukayandikira kumlomo, kuja kumene tayala limakumbatira mkombero wachitsulo, umaima, ndipo mwini mpeni saukakamiza. Akatha kuchotsa zonse zomuthandiza, pansi pamatsala nkhata ziwiri zakuda, zimene iye amaziponya kumbali ngati mafupa a nyama yodyedwa kale. Tsiku lina ndidafunsa bambo wina waimvi wa ntchito imeneyi kuti, "Nanga apa mukusiyiranji, bambo, mphira yonseyi?" Iwo adapukusa mutu, nati, "Apo sitikhudzapo, mwana wanga. Muli waya wosamva mpeni, ndipo ngakhale sowo imalira naye." Atatero adatenga sowo yodulira zitsulo, nandidulira kachidutswa kochindikala ngati zala ziwiri, nandipatsa kuti ndikadzionere ndekha, ndipo kachidutswa kameneko ndikali nako kufikira lero lino.

Nditakayang'anitsitsa padzuwa, ndidaona timaso tachitsulo tonyezimira, tothithikana bwino lomwe ngati zipinda za m'chisa cha njuchi, ndipo timeneti tinali nsonga za mawaya amene sowo idadula. Kuchokera kumtunda, kunthiti, kudatsika mzere woonda wa ulusi wotuwa, umene udadzera cha m'kati mwa tayala, nupita kunsi kwa mawaya aja, nukweranso cha kunja, nukathera m'mphira patali ngati utali wa chala. Pakati pa ulusi wotsika ndi ulusi wokwera padakhala lilime la mphira yolimba gwa, yoti chikhadabo sichilowa, lochindikala patsinde ndi lopyapyala kunsonga. Zinthu zitatu zimenezi, ndizo nkhata ya mawaya, ulusi woizungulira ndi lilime lokhala pakati, opanga matayala amazitcha bead m'Chingelezi, koma ife tizitcha mlomo, monga titchulira mlomo wa mphika kapena wa mtsuko. Munthu pogula tayala amasisita msana wake kuti aone ngati mizere ikali yakuya, ndipo achita bwino. Koma ochepa ndiwo amatembenuza tayala kuti aone kumlomo, kumene kuli muzu wa mphamvu yake yonse.

Kuti timvetse katundu amene mlomo umasenza, tiyambe tawerengera mphamvu ya mpweya, pakuti mpweya, popeza suoneka ndi maso, timaupeputsa. Tayala la galimoto yaing'ono likapopedwa kufika pa 2.2 pageji, kapena mapaundi 32 pa geji zina, ndiko kunena kuti kamalo kalikonse ka m'kati mwake, ka sentimita imodzi uku ndi imodzi uku, kofanana ndi chikhadabo cha chala chamkombaphala, kakukankhidwa ndi mphamvu yoposa pang'ono makilogalamu 2. Tsono tikatenga tayala lolembedwa 195/65 R15, nitiwerenga timalo tonse totere kuyambira pamlomo kufikira pamene nthiti zatukuka kwambiri, tipeza timalo pafupifupi 800, ndipo mphamvu yonse yokankhira mlomo umodzi kukhoma la mkombero ifika pafupi ndi makilogalamu 1,800, ndiwo matumba a chimanga 36 a makilogalamu 50. M'tayala lalikulu la lole, m'mene mpweya umafika pa 8 kapena 9, kuwerengera komweko kutipatsa matani pafupifupi 20, matumba 400, pamlomo umodzi wokha. Ndipo zonsezi zichitika galimoto ili chiimire pabwalo, isanasenze kanthu, isanakhote pangodya, isanagwe m'dzenje.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa, ndipo ine chidandidabwitsa pamene ndidachimva koyamba. Timaganiza kuti galimoto imakhala pampweya monga mutu ukhalira pamtsamiro. Koma mpweya umakankha mkombero mofanana mbali zonse, pansi ndi pamwamba pomwe, kotero kuti pawokha sungathe kuunyamula. Ntchito ya mpweya ndiyo kukunga ulusi wa m'nthiti monga akungira chikopa cha ng'oma, ndipo ulusi wokungikawo umakoka nkhata ya mawaya kuzungulira konse. Pansi, pamene tayala laponda nthaka, nthiti zimatukuka, ulusi wa pamenepo nupendekeka, ndipo kukoka kwake kolozera pansi kumachepa, pamene ulusi wa kumtunda ukokabe ndi mphamvu yake yonse. Kusiyana kwa kukoka kuwiriku ndiko kumanyamula galimoto. Ulusi wa kumtunda ukoka nkhata, ndipo nkhatayo, popeza sitanuka, inyamula mkombero chakunsi monga mbereko inyamulira mwana. Chifukwa chake katundu yense wa galimoto, pamodzi ndi mphamvu ya injini poyamba ulendo ndi ya mabuleki poima, ayenera kudutsa pakhomo limodzi lopapatiza, ndilo pamene ulusi wagwirana ndi waya.

Vuto lomangirira chinthu chofewa ku chinthu cholimba ndi lakale ngati tayala lenilenilo. Robert William Thomson, mnyamata wa ku Stonehaven m'dziko la Scotland, ndiye adayamba kulembetsa luso la tayala la mpweya m'chaka cha 1845, ali ndi zaka 23 zokha. Tayala lakelo linali chubu cha nsalu yomatidwa mphira, chovekedwa chikopa, ndipo chikopacho ankachikhomerera kugudumu la ngolo ya akavalo. Anthu a masiku amenewo sadalilabadire, ndipo lidaiwalika kwa zaka zoposa 40, kufikira John Boyd Dunlop, sing'anga wa ziweto wokhala ku Belfast, atapangira mwana wake matayala a mpweya pa kanjinga ka magudumu atatu, nalembetsa luso lake mu 1888, osadziwa kuti wina adamtsogolera kale. Matayala a Dunlop ankathamanga bwino ndithu, ndipo mu 1889 wopalasa njinga wina dzina lake Willie Hume adapambana nawo mipikisano ku Belfast. Koma analibe mlomo, pakuti ankawamata ndi ulimbo wa mphira, nawakulunga ndi nsalu kuzungulira mkombero, kudutsa pakati pa masipoko, monga akulungira bala. Munga ukalasa tayala lotero, kunali kumatula zonse, kumata, kukulunganso ndi kudikira kuti ziume, ndipo ulendo wa tsiku limenelo unali utathera pomwepo. Ku France abale awiri, André ndi Édouard Michelin a ku Clermont-Ferrand, adapanga tayala lochotseka lomangidwa ndi mabawuti, limene Charles Terront adapambana nalo mpikisano wochokera ku Paris kukafika ku Brest ndi kubwerera mu 1891; koma nzeru yopambana inali itapezeka kale kutsidya la nyanja.

M'chaka chimodzi, cha 1890, anthu awiri adayankha funso limodzi m'njira ziwiri. William Bartlett, wa ku America koma wogwira ntchito kukampani ya North British Rubber ku Edinburgh, adaumba m'mphepete mwa tayala mphira yolimba yotukuka ngati chidendene, imene inkalowa kunsi kwa mphepete ya mkombero yopindikira m'kati, mwakuti mpweya ukalowa, tayala linkadzikola lokha ngati mbedza. Charles Kingston Welch wa ku London adadzera njira ina: iye adaika waya wosatanuka m'mphepete monse mwa tayala, waya wocheperako kuzungulira kwake kusiyana ndi khoma la mkombero, kuti tayala lisathe kuvuka ngakhale mpweya ulikankhe chotani, ndipo pofuna kuti munthu athe kuliveka ndi kulivula, adakumba khwawa pakati pa mkombero. Yense amene adamatapo chubu cha njinga pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu adagwiritsa ntchito nzeru ya Welch, ngakhale sadamvepo dzina lake: umakanikiza mlomo wa mbali imodzi kuti ugwere m'khwawa, ndipo pomwepo mbali inayo ipeza mpata wolumphira khoma. Indedi kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti waya sadatanuke ngakhale pang'ono; wangosendera. Kampani ya Dunlop idagula maluso onse awiri, ndipo galimoto zoyambirira zidayenda zaka zambiri pa matayala a mtundu wa Bartlett. Koma amenewa ankafuna mpweya wambiri kuti asavuke pokhota, ndipo pamene galimoto zidalemera ndi kufulumira, m'zaka za m'ma 1920, waya adapambana, napambanabe kufikira tsopano.

Wayayo si waya wamba wa pampanda. Ndi chitsulo chokhala ndi kaboni wambiri, cha mtundu wa chija apangira masipuling'i, chokokedwa m'timabowo mobwerezabwereza kufikira chitaonda ngati milimita imodzi m'matayala a galimoto zazing'ono, ndi kuposerapo m'matayala a malole. Popeza chitsulo ndi mphira sizigwirizana mwachibadwa, wayayo amamukuta ndi kachikopa kosaoneka kuchindikala kwake ka mkuwa wosakaniza ndi tini. Ndipo pamene tayala liphikidwa m'chikombole, pa kutentha kwa madigiri 150 kapena kuposerapo, sulufule wa m'mphira amagwirana ndi mkuwa uja, ziwirizo nizikhala thupi limodzi. Opanga ena amayala mawaya angapo mondondozana ngati lamba, nakulunga lambalo kangapo. Ena atenga waya mmodzi namzunguliza kambirimbiri kufikira nkhata itakhala ya mbali zisanu ndi imodzi, yonga ija ndidaiona m'kachidutswa kanga. Enanso apota mawaya kuzungulira waya wapakati monga apotera chingwe. Wina angafunse chifukwa chake saikamo ndodo imodzi yachitsulo yochindikala. Yankho lake lili pawiri: nkhata iyenera kulola kupindika pang'ono pamene tayala livekedwa, chimene ndodo sikadalola, ndiponso mawaya oonda ambiri, chifukwa cha kukokedwa kuja, amalimba koposa ndodo imodzi ya kulemera komweko. Mutu umodzi susenza denga.

Za ulusi tinene mwachidule. Poyamba unali nsalu ya thonje yolukidwa, imene ulusi wake wopingasana unkachekana wokha tayala likamapindika. Pambuyo pake adaphunzira kuyala ulusi mondondozana, uliwonse m'mphira yakeyake, ndipo thonje lidasiyira malo reyoni m'zaka za m'ma 1930, nayiloni itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndi poliyesitala m'zaka za m'ma 1960. M'matayala akale nsalu zotere zinkayalidwa zingapo mopingasa, ina kupendekera kumanja, ina kumanzere, ndipo m'matayala a malole zinkachuluka kotero kuti mlomo umodzi unkakhala ndi nkhata ziwiri kapena zitatu, iliyonse ndi nsalu zake. Koma mu 1946 kampani ya Michelin idalembetsa tayala limene ulusi wake umayenda chowongoka kuchokera kumlomo uno kukwera pamsana ndi kutsikira kumlomo winawo, ndipo pamsana pokha ndi pamene pali lamba la mawaya. Chilembo R cha panthiti ya tayala chimanena za mtundu umenewu. Tayala lotere la galimoto yaing'ono lili ndi nsalu imodzi kapena ziwiri, ndipo la lole lili ndi imodzi yokha, ya tizingwe tachitsulo. Katundu amene kale ankagawana ambiri, tsopano wagwera mmodzi. Ndipo pamenepa mpomwe funso la kamangidwe ka ulusi kunkhata lidakula msinkhu.

Kamangidwe kake ndi ka telala. Mayi akafuna kuti chingwe chikhale m'chiuno mwa siketi kapena pakamwa pa thumba, sachisokerera kunsalu ndi singano, koma amapinda nsalu kuzungulira chingwecho, napanga mpendero. M'fakitale momwemonso, mmisiri amayala pamgolo wozungulira mphira yosunga mpweya, nayalapo nsalu ya ulusi yotambalala kuposa tayala, naika nkhata ziwiri, ina uku ina uku, iliyonse ndi lilime lake. Kenaka timatumba ta mpweya ta m'mbali mwa mgolowo timafufuma, nitipinda mphepete za nsalu kuzungulira nkhata, kuzigoneka pamwamba pa lilime. Palibe mfundo, palibe msomali, palibe msoko. Chimene chimagwira ndi chomwe chija amachidziwa mnyamata woweta ng'ombe, amene sangathe kuimitsa nkhunzi ndi manja ake, koma akazunguliza chingwe pamtengo amaigwira ndi dzanja limodzi: chingwe chokulungidwa pachinthu chimasiya mphamvu yake pachinthucho, ndipo kunsonga kumafika yochepa. Ulusi wozungulira nkhata umapanikizidwanso pakati pa waya ndi mkombero, mwakuti mpweya ukamaukoka kwambiri, ndi pamenenso ugwidwa kwambiri. Ndipo mphamvu yotsalayo imamwazika pang'onopang'ono m'mphira imene yamatirira mpendero kuyambira pansi mpaka kunsonga.

Lilime lija nalonso lili ndi ntchito yaikulu, ngakhale lioneka ngati chodzazira mpata. Chinthu chofewa chikalumikizana mwadzidzidzi ndi cholimba, chimathyokera pamalire pomwepo, monga waya wa wailesi aduka pamene alowera m'pulagi, kapena monga mpini uthyokera pakhosi pa khasu. Chifukwa chake opanga matayala safuna malire, koma afuna kuti kulimba kwa chitsulo kuzilala pang'onopang'ono kufikira kusanduke kufewa kwa nthiti, monga nsungwi yowedzera nsomba, imene ili yolimba patsinde, yowerama pakati, ndi yofewa kunsonga, ndipo palibe anganene pamene kulimba kwathera. Lilime lalitali ndi lolimba limachititsa galimoto kumvera chiwongolero msanga, koma okwera amamva mwala uliwonse. Lalifupi limapatsa ulendo wofewa, koma galimoto imatepatepa pokhota. Pakati pa ziwirizi wopanga ayenera kusankha, poyang'ana galimoto ndi misewu imene tayala likayendamo.

Koma tsono tafika pachimake pa nkhani yonse, ndipo ndipempha owerenga adekhe nane. Mpendero uli ndi nsonga, ndipo ulusi uyenera kuthera penapake. Kusankha pothera pakepo ndiyo ntchito yovuta koposa m'mamangidwe onse a tayala. Mpendero ukafupika kwambiri, ulusi ukhoza kusololoka kunsi kwa nkhata. Ukatalika, nsonga yake ikafika kumalo kumene nthiti zimapindika ulendo uliwonse gudumu likazungulira, ndipo kumeneko nsongayo imakhala ngati munga m'mnofu. M'tayala la lole vuto limakula, pakuti tizingwe tachitsulo timakutidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki kuti timatirire kumphira, koma pamene mpeni wa m'fakitale wadula, pamatsala chitsulo chamaliseche, chimene mphira sichigwira. Taganizani tsono: tinsonga tambirimbiri takuthwa, tondandalikana kuzungulira tayala lonse, kalikonse kali ndi kampata kosaoneka pamutu pake. Tayala la lole limazungulira pafupifupi maulendo 300 pa kilomita imodzi, kotero kuti paulendo umodzi wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe kansonga kalikonse kamatokosa mphira maulendo oposa 90,000. Ngati tayala lili ndi mpweya wokwanira ndi katundu woyenera, mphira imapirira zaka. Koma likaphwa pang'ono, kapena lole ikasenzetsedwa mopitirira muyeso, kupindika kumakula, kutentha kumakwera, ndipo timing'alu timayamba pansonga, nitilumikizana ndi tinzake, kufikira mpendero utasiyana ndi thupi. Kutentha kwa mabuleki kumaonjezera moto pamoto, pakuti lole ikamatsika mtsetse wautali wonga wa Chiweta woyendetsa atapondereza buleki njira yonse, kutenthako kumadzera mumkombero nikuphika mlomo kufikira mphira yake itauma ndi kuwalika.

Amisiri a matayala athera zaka zambiri pa kansonga kameneka. Amakakuta ndi mphira yofewa yopirira kung'ambika, imene nthawi zambiri imakhala ndi mphira ya m'mitengo, yonga ija amakolola ku Vizara m'boma la Nkhata Bay; amayala pambali pake nsalu zina zolimbikitsa, za nayiloni kapena zachitsulo, nasamala kuti nsonga za nsaluzo zisathere pamzere umodzi, koma ina pansi, ina pamwamba, monga womanga nyumba sayika mipata ya njerwa pamodzimodzi. Ena, m'matayala a galimoto zazing'ono, amatalikitsa mpendero kufikira ukabisale kunsi kwa lamba la pamsana, kumene kulibe kupindika kwambiri. Ena adaganiza kuti, popeza nsonga ndiyo ivuta, aibweze kumene idachokera: amapinda tizingwe tachitsulo kuti tikulunge nkhata yonse ndi kuthera pamwamba pake pomwepo, pamalo olimba osagwedezeka, ndipo kampani ya Bridgestone ya ku Japan ndi imodzi mwa zopanga matayala a malole otere. A Michelin, m'zaka za m'ma 1990, adayesa njira yosiya mpendero konse, yoti ulusi utsike chowongoka nupanikizidwe pakati pa mizere iwiri ya mawaya ozungulira, wina m'kati wina kunja. Njira imeneyi makolo athu akadaizindikira msanga, pakuti ndiyo ya lichero: nsungwi zolukidwa sizipindidwa kuzungulira kanthu, koma nsonga zake zimapanidwa pakati pa mikombero iwiri yomangidwa pamodzi zolimba. Ine ndiyesa kuti mpendero wa telala sudzatha msanga, chifukwa ngwosavuta kupanga ndipo wayesedwa zaka zoposa 100. Koma nkokoma kuona kuti nzeru ya lichero nayonso idafika m'fakitale, ngakhale idadzera njira yakeyake.

Kunsi kwa mlomo, kumene ukhudzana ndi chitsulo, amayalako mphira yolimba yopirira kukhuzika, chifukwa tayala likamayenda mlomo umasuntha pang'onong'ono pakhoma la mkombero, ndipo popanda chotchinga chimenechi ulusi ukadaperepeseka. Pokhalira pake pamkombero si pathyathyathya, koma mpotsetsereka ndi madigiri 5 m'galimoto zazing'ono, ndi madigiri 15 m'malole a matayala opanda chubu, aja olembedwa 22.5, ndipo mlomo amaupanga wocheperako pang'ono kusiyana ndi pokhalira pakepo, kuti mpweya pouukankhira kukhoma uziukwezeka pamtunda umenewo ndi kuuthina monga mpini uthinira m'khasu. Kuyambira pamene kampani ya B. F. Goodrich ya ku America idalengeza tayala lopanda chubu mu 1947, kuthina kumeneku kudalandira ntchito yachiwiri, ndiyo kutseka mpweya. Ndipo pamikombero adaumbaponso kamtumbira kozungulira, kuti mlomo usagwere m'khwawa galimoto ikakhota mwamphamvu tayala lili lophwa. Kuphulika kuja timamva kwa omata matayala, kuti phu, kenaka phu kachiwiri, ndiko milomo iwiri kulumpha timitumbira timeneti ndi kukhala m'malo mwake.

Pano ndiyenera kunena mosabisa mawu, pakuti nkhaniyi ikhudza miyoyo ya anthu. Mlomo umene akatswiri adauganizira zaka zambiri ukhoza kuonongeka m'mphindi imodzi ndi nyundo ndi chitsulo chakuthwa. Ndidaonapo mnyamata wamphamvu alikulimbana ndi tayala louma, wopanda sopo wotereretsa, wosagwetsera mbali inayo m'khwawa, alikukanula ndi chitsulo cha sipuling'i mpaka mphira ya kumlomo idang'ambika ndi ulusi kuonekera. Tayala lidalowa ndithu, ndipo mwini galimoto adalipira nachoka wokondwa, osadziwa kuti madzi apeza khomo lokadyera waya, ndi kuti mwina mawaya ena adapindika kapena kuduka m'katimo. Tayala lotero likhoza kuoneka bwino pamsana, mizere ili yakuya, koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ndipo amene amaika msana watsopano pa matayala a malole amakana tayala lililonse lovulala kumlomo, chifukwa waya woduka alibe chigamba. Opanga matayala amachenjeza kuti pokhazika mlomo wa tayala la galimoto yaing'ono mpweya usapitirire mapaundi 40. Ukakana kukhala, aphwetse, apakenso sopo, ayambirenso. Amene amathira petulo m'tayala nayatsa moto kuti mlomo ulumphe, ndi amene amawotcherera mkombero tayala lili pomwepo, akusewera ndi matumba 400 aja. Ndipo mikombero ya malole yakale, ya mphete yochotseka, iyenera kupopedwa m'khola lachitsulo, munthu ataima patali, pakuti mphete yotero ikavuka imauluka ndi mphamvu yakupha.

Popeza waya satanuka, mlomo ndi mkombero ziyenera kukhala za muyeso umodzi ndendende, ndipo nambala yotsiriza ya panthiti ya tayala, monga 15 uja, ndiyo kukula kwa mkombero m'mainchesi. Tayala la mainchesi 16 likhoza kulowa pamkombero wa mainchesi 16.5, koma silingakhale m'malo mwake, ndipo wolikakamiza ndi mpweya amadula nkhata, tayala nilimphulikira kumaso. Ngozi zotere zapha ndi kulemaza anthu. Ngakhale panjinga msampha womwewu ulipo, pakuti pali matayala awiri otchedwa 28: la njinga zakuda zija zonyamula katundu ndi za kabaza, lolembedwa 28 x 1½, mlomo wake ndi wa mamilimita 635, pamene la njinga zina zamakono ndi la mamilimita 622, ndipo limodzi silingalowe m'malo mwa linzake. Tayala likavekedwa bwino, kamzere koonda koumbidwa panthiti kufupi ndi mlomo kamaoneka kotalikirana mofanana ndi khoma la mkombero kuzungulira konse. Kakabisala mbali ina nikatulukira mbali ina, mlomo sunakhale.

Tayala likatha, msana utasalala ndi nthiti zitasanduka nkhwayira ndi zingwe zomangira katundu, nkhata imatsala yamphumphu monga idatulukira m'fakitale. Kumafakitale ogaya matayala akale amayamba aizula ndi mbedza ya makina, kuopa kuti ingathyole mipeni ya chigayo, ndipo chitsulo chake chimabwerera kung'anjo. Ku Bahia m'dziko la Brazil, kumene zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa zidasunga uta woimbira wokhala ndi chikho, umene amautcha berimbau, oimba amang'amba mlomo wa tayala lakale ndi mpeni moleza mtima, nasolola waya mmodzi wosamuotcha kuti asafooke, namupala mphira yonse kufikira atawala, namukunga pautawo; ndipo waya ameneyo, akamenyedwa ndi kamtengo, ndiye amatsogolera nyimbo pabwalo la masewero otchedwa capoeira.